ZA AMISIRI NDI ZIDA ZAO: Diso la Kamera, Lakale Kapena Latsopano?

Chamboli ndi komboni ya mu mzinda wa Kitwe, yoyandikana ndi Wusakile, ndipo inamangidwa kuti muzikhala anchito a pa mgodi wa Nkana. Anthu a ku Cigawo ca Kum'mawa amaidziwa bwino, pakuti kuyambira masiku a kampani ya Rhokana kudzafika masiku a ZCCM, imene inakhazikitsidwa mu 1982, amuna a ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Chipata anali kupita kumeneko kukakumba mkuwa, ndipo ena sanabwererenso kwao. Ana ndi adzukulu ao ali komweko mpaka lero. Koma mgodi sulembanso anthu monga kale. Unapita m'manja mwa kampani ya Mopani mu 2000, ndipo mu 2015, mtengo wa mkuwa utagwa, anchito zikwi zingapo anacotsedwa. Motero mnyamata amene atate ace anali kulowa pansi amafuna njira ina yopezera ufa, ndipo imodzi mwa njirazo ndiyo kujambula zithunzi pa maukwati, pa kicheni pate, pa matebeto, ku chalichi, ndi pa tsiku limene ophunzira a pa Copperbelt University alandira masatifiketi ao.

Nkhani imeneyi ikhudzanso a kumudzi, cifukwa ndalama zoyambira nchito yotere nthawi zina zimacokera m'nkhokwe. Foni imalira madzulo, mwana ali ku Kitwe nanena kuti kamera ali nayo kale, cimene cikusowa ndi lenzi. Makolo amadabwa kumva kuti kagalasi kokwana m'cikhatho kangadye ndalama za matumba angapo a nshawa kapena a soya, mwinanso ng'ombe yathunthu. Ndipo amadabwa koposa akamva kuti pali lenzi yakale yogwiritsidwapo nchito ndi lenzi yatsopano ya dzina lomwelo, koma mitengo yace ndi yosiyana kutali. Nkoyenera tsono kuti amene akutulutsa ndalamazo adziwe cimene akugula.

Lenzi ndiyo diso la kamera. M'kati mwace muli magalasi angapo osulidwa mosamala ndi kuikidwa motsatana, amene amasonkhanitsa kuwala ndi kukugwetsera pamalo amodzi pamene cithunzi cimapangika. Kale pamalopo panali filimu. Lero pali kacipangizo kochedwa sensa. Pakati pa magalasiwo pali timasamba tacitsulo timene timatseguka ndi kutsekeka monga mboni ya diso la mphaka, kuti kuwala kulowe kwambiri kapena pang'ono. Pa thupi la lenzi pamalembedwa manambala awiri ofunika. Yoyamba, monga 50mm, imanena kukula kwa malo amene lenziyo ingaone: nambala ikacepa, malo ooneka amakula, ikakula, zinthu zakutali zimayandikira. Yaciwiri, monga f/1.8, imanena kukula kwa cibowo colowera kuwala, ndipo apa nambala yaing'ono ndiyo cibowo cacikulu. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala pafupi-fupi kakhumi kuposa ya f/5.6. M'chalichi ca mazenera ocepa, kapena pa phwando la usiku magetsi atazima, kusiyana kumeneku ndiko kumalekanitsa cithunzi cogulitsika ndi cithunzi cakuda cimene mkwatibwi angakane kulipira.

Funso loyamba si la ukale kapena utsopano ai, koma ngati lenziyo ingalowe pa kamera imene munthu ali nayo. Kampani iriyonse iri ndi pakamwa pace polumikizira, ndipo makampaniwo sanasunge pakamwapo mofanana. A Nikon anayamba pakamwa pochedwa F mu 1959 napasunga zaka zambiri, kotero kuti lenzi zambiri zakale za Nikon zimalowa pa makamera ao a masiku ano okhala ndi kalirole m'kati. Komabe zimene zinapangidwa cisanafike caka ca 1977 ziri ndi mkombero wosiyana umene ungathyole kacitsulo ka pa makamera ena, ndipo siziyenera kukakamizidwa. A Pentax nao asunga pakamwa pao pa K kuyambira 1975. A Canon anacita mwina. Mu 1987 anataya pakamwa pao pakale pochedwa FD nayamba pena pochedwa EF, ndipo ojambula amene anali ndi matumba odzala ndi malenzi a FD anangotsala nao m'manja. Mpaka lero malenzi a FD amapezeka pa mtengo wotsika, ndipo mnyamata wosadziwa angakondwe poona dzina la Canon pa lenzi ndi dzina la Canon pa kamera yace ya EOS, osadziwa kuti ziwirizi sizigwirizana.

Cifukwa cace ndi ca muyeso. Lenzi iriyonse inapangidwa kuti ikhale pa mtunda wace-wace kucokera pa filimu kapena pa sensa. Ya FD imafuna mamilimita 42, pamene kamera ya EF iri ndi mamilimita 44. Mamilimita awiri amenewo ndi okwanira kuti zinthu zakutali zisaoneke bwino konse. Cimodzi-modzi malenzi a zinga zopota ochedwa M42, amene anali kubwera ndi makamera a Zenit a ku Soviet Union, a Praktica a ku East Germany ndi a Pentax akale. Amenewa amakhala bwino pa Canon EOS ndi kamkombero kocepa kochedwa adaputa, koma pa Nikon F saona kutali pokhapokha adaputayo ikhale ndi galasi lina, ndipo galasi lowonjezeralo limacepetsa ubwino wa cithunzi. Zinthu zinasintha pamene kunabwera makamera opanda kalirole: a Sony mu 2010, ndipo a Canon R ndi a Nikon Z mu 2018. Pa amenewa sensa iri pafupi kwambiri ndi pakamwa, mamilimita 16 mpaka 20 okha, motero pafupi-fupi lenzi yakale iriyonse ingaikidwepo ndi adaputa. Ndico cifukwa cace malenzi amene anali kugona m'masutikesi a madala anayambanso kufunidwa, ndipo mitengo ya ena inakwera.

Tsono citsanzo cimene cimaonetsa bwino nkhani yonseyi ndi lenzi ya Canon ya 50mm f/1.8, imene ojambula ambiri oyamba kumene amagula cifukwa ndiyo yotsika mtengo mwa malenzi olowetsa kuwala kwambiri. Yoyamba ya pakamwa pa EF inatuluka mu 1987, ndipo polumikizira pace panali pacitsulo. Mu 1990 kunabwera yaciwiri, yolembedwa II, imene kampaniyo inaipanga ya pulasitiki yonse mpaka polumikizira pomwe, kuti ikhale yochipa; iri ndi timasamba 5, ndipo mota yace imalira ngati njuci. Mu 2015 kunabwera yacitatu, yolembedwa STM, pa mtengo wa madola a ku America pafupi-fupi 125. Imeneyi inabwezera citsulo polumikizira, iri ndi timasamba 7, mota yace siicita phokoso kwambiri, ndipo ingajambule cinthu cimene ciri pa masentimita 35, pamene inzace ija imafuna 45. Koma dongosolo la magalasi m'zitatu zonsezi ndi limodzi: magalasi 6 m'magulu 5. Kunena kwina, wogula yatsopano sakugula diso lina kweni-kweni. Akugula thupi lolimba ndi mota yabwino. Cithunzi ca mwana wa sukulu cojambulidwa masana ndi ya 1990 ndi cojambulidwa ndi ya 2015, mai wa mwanayo sangazisiyanitse.

Nanga ndi iti yoyenera? Ngati wogulitsa akufuna pa yakale ija ndalama zoyandikira mtengo wa yatsopano, palibe nzeru kuitenga. Pulasitiki ya zaka zambiri, yogwedezeka tsiku ndi tsiku m'cikwama pa minibasi ya pakati pa Chamboli ndi tauni, siicedwa kugonja, ndipo lenzi imeneyi ikagwa pansi imadziwika kuti imapatukana pawiri. Koma ngati mtengo wace ndi theka kapena kuceperapo, ndipo yayesedwa nipezeka yamoyo, yakaleyo ingadyetse banja mpaka ndalama za yatsopano zitapezeka. Wojambulanso mavidiyo a ukwati asaiyang'ane n'komwe, pakuti kulira kwa mota yace kumalowa m'mau a abusa.

A Nikon ali ndi msampha wina. Lenzi yao ya 50mm f/1.8 yolembedwa D, ya mu 2002, iribe mota m'kati mwace. Imadalira mota ya mu kamera kuti iizungulitse. Koma makamera ao ang'ono-ang'ono a mtundu wa D3000 ndi D5000, amene ndiwo amafika kwambiri m'manja mwa oyamba kumene, alibe mota imeneyo. Lenziyo imalowa bwino ndithu, cithunzi cimajambulika, koma siidzilunjika yokha. Mwini wace ayenera kupotoza ndi dzanja. Yolembedwa G, ya mu 2011, iri ndi mota yace-yace ndipo imagwira nchito pa onsewo. Cilembo cimodzi cokha, D kapena G, ndico cimalekanitsa lenzi yothandiza ndi lenzi yovutitsa. Ndipo adaputa ya FTZ, yoikira malenzi akale pa makamera a Nikon Z, nayonso iribe mota yozungulitsira ya D ija.

Ena anganene kuti kulunjika ndi dzanja si vuto, popeza akale anali kutero. Nzoonadi. Makamera odzilunjika okha anafala kuyambira 1985, pamene a Minolta anatulutsa kamera yao ya 7000. Zimenezi zisanacitike, ojambula a mbadwo wa a Alick Phiri, amene anaphunzira nchito ku Fine Art Studios ku Lusaka nadzatsegula Kwacha Photo Studio ku Kanyama, anali kudalira diso ndi zala zao, ndipo zithunzi zao zikali zooneka bwino mpaka lero. Koma makamera a nthawi imeneyo anali ndi kazenera kakakulu koonera, ndipo ambiri anali ndi kabwalo pakati pace kogawa cithunzi pawiri. Mbali ziwirizo zikakumana, wojambula anali kudziwa kuti walunjika. Makamera a dijito okhala ndi kalirole anacotsa kabwaloko, ndipo kazenera ka ochipa ndi kakang'ono ndi kamdima. Kulunjika ndi dzanja pa kamera yotere, pa f/1.8, akwati akulowa movina mu holo, ndiko kusaka singano mu udzu usiku. Munthu wokhala pa mpando mu situdiyo angadikire. Wovina sadikira, ndipo mphete imavekedwa kamodzi. Makamera opanda kalirole anapeputsanso nchitoyi, cifukwa amaonetsa timizere ta mtundu pa cinthu cimene calunjikidwa.

Pali cina cimene ogulitsa sanena kawiri-kawiri. Malenzi akale anapangidwira filimu ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Sensa ya makamera ochipa ndi yocepa kuposa pamenepo, motero imatenga pakati pokha pa cithunzi. Lenzi ya 50mm imaona ngati ya 75mm pa Nikon yotere, ndi ngati ya 80mm pa Canon. Helios-44 ya 58mm, imene inali kubwera ndi Zenit ndipo inatengera mapangidwe a Biotar ya Zeiss, imaona ngati ya 90mm kapena pafupi pamenepo. Pojambula nkhope ya munthu mmodzi zimenezi nzabwino kwambiri, pakuti kumbuyo kumasungunuka ndipo nkhope imaima payokha, cinthu cimene foni ya m'manja imangoyerekeza. Koma nyumba za mgodi za ku Chamboli, zimene zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira 1997, ziri ndi zipinda zazing'ono. Wojambula matebeto m'cipinda cocezera, amai atadzaza ndi mbale zao, adzabwerera m'mbuyo mpaka msana utagunda khoma, nadzapeza kuti m'cithunzi mwalowa anthu atatu okha. Pamenepo lenzi yonyozeka ija ya 18-55mm, yobwera pamodzi ndi kamera, ndiyo imapulumutsa nchito. Wogula 50mm asagulitse 18-55mm yace kuti akwanitse mtengo.

Utsopano uli ndi phindu lina loona pa nkhani ya dzuwa. Galasi losapakidwa kanthu limabweza pafupi-fupi magawo 4 pa 100 alionse a kuwala pa mbali iriyonse, ndipo m'lenzi ya magalasi ambiri kuwala kobwezedwako kumayenda-yenda m'kati nikuphimba cithunzi ndi cifunga. A Zeiss ku Germany anapeza njira yopaka galasi mankhwala opyapyala mu 1935, ndipo a Pentax anafalitsa kupaka kwa miyalo yambiri, kolembedwa SMC, mu 1971. Lenzi yopakidwa kamodzi, monga ma Helios ambiri akale, ikayang'ana kumene kuli dzuwa imatulutsa cithunzi cotuwa. Kuno kwathu, kumene wojambula ayenera kuonetsa diresi loyera ndi nkhope yakuda m'cithunzi cimodzi pa dzuwa la October, cifunga cimeneco cimadya nkhope poyamba. Alipo okonda kutuwa kumeneku nakucha luso. Koma apongozi amene analipira amafuna kuona maso a mwana wao. Ma Takumar ena akale a 50mm f/1.4 amasanduka acikasu ndi zaka cifukwa ca mankhwala a thorium amene ali m'galasi, ndipo diresi loyera limatuluka ngati lacapidwa m'madzi a dothi ngati wojambula sakonza mtundu pa kamera.

Kumbali ina, lenzi yakale ya citsulo ndi galasi lokha iribe zambiri zoti zife. Mmisiri wa manja abwino ndi zida zazing'ono, wonga wokonza mawoci, angaitsegule, kuipukuta, kuika girizi watsopano ndi kuitsekanso. Lenzi ya masiku ano iri ndi mota, timawaya topyapyala ngati pepala ndi kabongo kace ka magetsi. Kawaya kamodzi kakaduka, kamera ya Canon imalemba Err 01 nikana kujambula, ndipo cosinthira ciyenera kuitanitsidwa kutali, ngati kampaniyo ikali kucipanga. Pa cifukwa cimeneci, zoopsa koposa pogula si zakale kwambiri kapena zatsopano, koma zapakati: malenzi a magetsi a zaka 20 kapena 30, amene mota yace yatopa ndipo zosinthira zace zinasiya kupangidwa.

Mdani wamkulu wa lenzi iriyonse ku Migodi ndi cuku. Mvula ya ku Kitwe imagwa kuyambira November mpaka April, ndipo ndi yocuruka kuposa ya ku Chipata. Lenzi yosungidwa m'cikwama cacikopa, m'sutikesi ya pansi pa bedi, pa cinyezi ndi mdima, imamera cuku m'kati monga cimanga cosauma bwino. Poyamba cimaoneka ngati ulusi wa kangaude m'mbali mwa galasi. Cikakhalitsa cimadya mankhwala opakidwa aja, nicisiya zipsera zimene sizicoka ngakhale atapukuta motani. Kunja lenziyo ingakhale yonyezimira, manambala onse ooneka, bokosi lace lilipo. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Malenzi obwera kucokera kunja pamodzi ndi katundu wina wa salaula nao sapulumuka, pakuti Japan, kumene ambiri amacokera, ndi dziko la cinyezi m'nyengo yotentha.

Motero wogula lenzi yogwiritsidwapo nchito, kaya ku Chisokone, kaya kwa mnzace wa ku Ndola, kaya kwa munthu amene wamupeza pa Facebook, apite ndi kamera yace ndi toci. Acotse zivundikiro zonse ziwiri, aunike kucokera kumbuyo nayang'ane kutsogolo mopendeketsa. Tifumbi tating'ono tisamuopse. Lenzi iriyonse imene yaona mphepo ya August ku Kitwe iri nato, ndipo sitioneka pa cithunzi. Kazande kocepa pa galasi lakutsogolo nakonso sikaononga zambiri, ndipo ndi cifukwa cabwino cotsitsira mtengo. Koma ulusi wa cuku, nkhungu yoyera yophimba galasi lonse, ndi zande pa galasi lakumbuyo, zimenezi ndi zobweza nazo lenzi kwa mwini wace. Ayang'anenso timasamba tija: tikhale touma, ndipo titseke ndi kutseguka msanga. Tikanyezimira mafuta, posacedwa tidzayamba kumata, ndipo zithunzi zidzatuluka zoyera mopitirira. Apotoze mkombero wolunjikira kucokera ku mapeto kufika ku mapeto, amve ngati mulibe mcenga. Aone tizitsulo tomangira ngati mitu yace yaphwanyika, pakuti cimeneco ndi cizindikiro cakuti wina wosadziwa anatsegulamo. Potsiriza ajambule khoma la njerwa ataima molunjika, nakulitse cithunzico: ngati mbali imodzi iri yakuthwa ndipo inayo ndi yosungunuka, lenziyo inagwapo pansi. Wogulitsa angaonetse nkhope yotopa ndi kuyesa konseku, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo ndalama zisatumizidwe pa foni lenzi isanagwiridwe m'manja.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, mnyamata wa kamera imodzi amene cakudya cace ciri pa maukwati ayenera kuika ndalama zace pa lenzi yodzilunjika yokha, ya mbadwo waposacedwa umene thumba lace lingathe, ngakhale itakhala yogwiritsidwapo nchito zaka ziwiri kapena zitatu. Lenzi yakale ya dzanja ikhale yaciwiri, ya mu situdiyo ndi ya zithunzi za anthu okhala phee, ndipo pamenepo Takumar kapena Nikkor ya zaka 40 ingacite manyazi malenzi ambiri a pulasitiki. Wofuna kujambula mpira pa bwalo la Nkana ku Wusakile kapena pa Arthur Davies, kapenanso impi za Angoni pa Nc'wala ku Mtenguleni, nkhani yace ndi ina: amafuna lenzi yaitali ya 200mm kapena 300mm, ndipo pa malenzi otere atsopano amaposadi akale, cifukwa ali ndi kacipangizo koletsa kunjenjemera kwa manja ndi mota yothamanga. Kumeneko kuumira ndi kutaya.

Ndipo lenzi ikagulidwa, yakale kapena yatsopano, isagone m'cikwama nyengo ya dzinja. Iikidwe m'cigubu ca pulasitiki cotseka bwino, pamodzi ndi timatumba ta silika tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo timatumbato tiziumitsidwa pa moto wocepa nthawi ndi nthawi, pakuti tikakhuta cinyezi sitigwiranso nchito. Lenzi imene yamera kale cuku isungidwe payokha, kutali ndi zinzace.